Dziwe la Nero, bwalo la Vespasian

Pamalo pomwe paima bwalo la Colosseum mumzinda wa Roma kale panali dziwe. Linali lokumba ndi manja, la munthu mmodzi, ndipo m'mbali mwake anamangamo nyumba zoti mwini wake akasuzumira aziona ngati mizinda ya m'mphepete mwa nyanja. Mwini wakeyo anali Nero, wolamulira wa Roma. Alendo amene amakhamukira kumeneko masiku ano amajambula makoma, koma ine chimene chimandikoka ndi dziwe lokwiriridwalo, chifukwa ndi pomwe pamaonekera bwino pangano losalembedwa lomwe linalipo pakati pa olamulira a Roma ndi anthu awo.

Mu July chaka cha 64 AD moto unabuka m'timasitolo toyandikana ndi Circus Maximus, bwalo la mipikisano ya magaleta. Mphepo inaukankhira m'tinjira topanikizana, unayaka masiku 6, n'kukhala ngati wazima, kenako n'kubukanso. Tacitus, amene analemba mbiri ya nthawiyo, akuti mwa zigawo 14 za mzindawo, 4 zokha ndizo zinapulumuka. Zitatu zinapsa psiti, ndipo mu 7 zotsalazo munangotsala makoma ogumuka apa ndi apo. Nero tisamusenzetse zonse. Moto ukuyamba anali ku Antium, ndipo atabwerako anatsegula minda yake kuti osowa pokhala agonemo, anatsitsa mtengo wa tirigu, n'kuika malamulo atsopano omangira: misewu ikhale yotakata, nyumba zisatalike mopitirira muyeso, nyumba ziwiri zisagawane khoma limodzi. Zonsezi zinali zanzeru. Chinamuipitsira dzina n'chomwe anachita ndi malo amene motowo unasesa pakatikati pa mzinda, kuchokera ku phiri la Palatine mpaka la Esquiline. Anawatenga n'kumangapo nyumba yake, Domus Aurea, nyumba ya golide.

Pakhomo panaima chifanizo chake chamkuwa chotalika mamita oposa 30. Mkati mwa mpanda munali minda ya mpesa, msipu, nkhalango zosungiramo nyama, ndi dziwe lija. Wolemba mbiri Suetonius akufotokoza za zipinda zodyera zokhala ndi siling'i ya minyanga ya njovu, yomwe inkatseguka n'kumawaza maluwa ndi mafuta onunkhira pa alendo, komanso chipinda china chobulungira chomwe chinkatembenuka usana ndi usiku. Akuti polowa m'nyumbayi Nero ananena kuti tsopano wayamba kukhala ngati munthu. Taganizani mawu amenewo akufika m'makutu a munthu amene nyumba yake inapsera pamalo omwewo. Mphekesera yakuti iye ndiye anayatsa motowo inakula, ndipo kukankhira mlandu kwa Akhristu, amene anawapha mwankhanza zedi, sikunaizimitse. Mu 68 asilikali ndi akuluakulu a Senate, nyumba ya malamulo ya Roma, anamutaya, ndipo anadzipha.

Mpandowo unadutsa m'manja mwa Galba, Otho ndi Vitellius m'miyezi yowerengeka, mpaka kumapeto kwa 69 unakhazikika kwa Vespasian. Uyu sanali wa magazi achifumu. Anachokera kumidzi ya kufupi ndi Reate, bambo ake anali okhometsa msonkho, ndipo mpando anaupeza chifukwa asilikali akum'mawa anamufuna. Munthu wotere ayenera kuwonetsa mzinda wonse chifukwa chake iyeyo ndiye alamule. Vespasian anaphwetsa dziwe la Nero, anathiramo maziko a konkire okuya mamita oposa 10, n'kuyamba kumangapo bwalo loti aliyense wa mumzinda alowemo. Mwana wake Titus anadzaonjezera mabafa a anthu onse chapafupi pomwepo. Wandakatulo Martial, amene ankadziwa kusangalatsa olamulira, analemba kuti Roma wabwezedwa kwa mwini wake, zomwe zinali zosangalatsa bwana mmodzi tsopano n'za anthu.

Kuti izi zimveke bwino tiyenera kubwerera m'mbuyo. Aroma ankadana ndi ufumu. Mbiri yawo yamakolo imati anathamangitsa mfumu yomaliza, Tarquinius Superbus, mu 509 BC, ndipo kwa zaka pafupifupi 500 ankasankha atsogoleri awiri chaka chilichonse kuti wina aziletsa mnzake. Akuluakulu ankaopa chikhamu chokhala pamalo amodzi, moti kwa nthawi yaitali sankalola bwalo la zisudzo lokhalitsa mumzinda. Ankamanga lamatabwa, zisudzo zikatha n'kuliphwasula. Amene anazemba mwambowu ndi kazembe wankhondo Pompey mu 55 BC, ndipo anauzemba mochenjera: anamanga bwalo lamiyala, pamwamba pa mipando n'kuikapo kachisi wa Venus, ndiye n'kumati mipandoyo ndi masitepe okwerera kukachisi. M'chipinda cha misonkhano cha pamalo omwewo ndi momwe Julius Caesar anabayidwira pa 15 March 44 BC, ndi anthu amene ankamuganizira kuti akufuna kuvala chisoti chaufumu.

Octavian, mdzukulu wa mlongo wa Caesar amenenso anali wolowa chuma chake, anatolapo phunziro. Atagonjetsa Antony ndi Cleopatra ku Actium mu 31 BC sanadzitche mfumu. Senate inamupatsa dzina la Augustus mu 27 BC (ndi Kaisara yemwe uja wa kalembera amene timamva pa Khirisimasi), iye n'kumati ndi nzika yoyamba chabe pakati pa anzake. Zisankho zinkachitikabe, koma aliyense ankadziwa amene wagwira asilikali ndi thumba la ndalama. Atamwalira mu 14 AD, wolowa m'malo mwake Tiberius anachotseratu zisankho za maudindo akuluakulu m'manja mwa anthu wamba n'kuzipereka ku Senate. Tacitus akuti anthuwo anangong'ung'udza pang'ono basi.

Sanang'ung'udze kwambiri chifukwa sanatsale chimanjamanja. Augustus anasiya mndandanda wa ntchito zake woti uzokotedwe pa manda ake, ndipo kope lake lilipobe pa khoma la kachisi ku Ankara m'dziko la Turkey. M'menemo amawerenga akachisi 82 amene anakonzanso m'chaka chimodzi, cha 28 BC, ngalande za madzi, misewu, milatho, ndalama zomwe anagawira anthu, ndi masewero omwe anawakonzera. Ankadzitama kuti mzinda anaupeza uli wa njerwa, akuusiya uli wa mwala wa mabo. Kupatsa n'kuika. Wolamulira amene sangaloze chisoti kapena voti ngati gwero la mphamvu zake amaloza zomwe wamanga, ndipo aliyense wobwera pambuyo pake amayezedwa ndi muyeso womwewo. Nero anamanga kwambiri, koma anamangira mimba yake.

Nanga ndalama za Colosseum zinachokera kuti, poti Nero ndi nkhondo yapachiweniweni anasiya thumba la boma lili pululu? Mu 70 AD Titus anagwetsa Jerusalem n'kutentha kachisi. Pa chipata chachikumbutso cha Titus, chomwe chili chiimire kufupi ndi bwaloli, pali chithunzi chosemedwa cha asilikali atasenza choikapo nyale cha nthambi 7 cha m'kachisimo. Pa mwala wina wa m'bwalomo patsala timabowo momwe munakhomedwa zilembo zamkuwa, ndipo katswiri Géza Alföldy atatsatira timabowoto anapeza mawu onena kuti Vespasian analamula kuti bwaloli limangidwe ndi zofunkha kunkhondo. Mphatso ya anthu a Roma inalipiridwa ndi anthu a Judea. Kwina Vespasian ankapeza ndalama m'njira zoseketsa. Anaika msonkho pa mkodzo umene ochapa nsalu ndi ofufuta zikopa ankatunga m'zimbudzi za mumzinda. Titus atanyansidwa nazo, bambo ake anamuika ndalama pamphuno n'kumufunsa ngati ikununkha.

Bwalolo ndi lalitali mamita 189, m'lifupi 156, ndipo khoma lakunja limakwera mamita 48. Munkalowa anthu pafupifupi 50,000, kuposa amene Bingu National Stadium imanyamula. Kunja anagwiritsa mwala wa travertine wochokera ku Tivoli, mkati njerwa ndi konkire. Chinsinsi chake ndi makomo opindika pamwamba ngati uta, osanjikizana, amene amatsitsira kulemera konse m'nsanamira, n'kusiya mpata wa makonde ndi masitepe pansi pa mipando. Pansi pali makomo 80, ndipo 76 mwa iwo anali ndi manambala, kuti munthu alowere khomo lomufikitsa kuchigawo chake osaphana ndi anzake panjira. Dzuwa likaswa mtengo, amalinyero a zombo zankhondo za ku Misenum ankatambasula chinsalu chachikulu pamwamba, poti iwo ndiwo ankadziwa zingwe ndi mathanga. Aroma anali ataonapo zomwe zimachitika bwalo likamangidwa mwachinyengo. Mu 27 AD ku Fidenae, kunja kwa Roma, munthu wina wotchedwa Atilius anamanga bwalo lamatabwa pa maziko osalimba pofuna phindu lachangu. Linagwa litadzaza thi, ndipo Suetonius akuti anafa oposa 20,000.

Kunena kuti bwaloli linali la anthu onse sikutanthauza kuti onse anali ofanana. Malamulo a Augustus anali atagawa kale malo okhala pa masewero. Kutsogolo kwenikweni kunkakhala aphungu a Senate, pamodzi ndi anamwali otumikira kukachisi wa Vesta. Kumbuyo kwawo kunali gulu lachiwiri la olemera, kenako nzika zovala toga, chovala chaulemu cha Aroma, ndipo kumwamba kwenikweni, komwe omenyana amaoneka ngati nyerere, kunali amphawi ndi amayi. Munthu akakhala pampando wake ankaona mzinda wonse utandandalikidwa malinga ndi ulemu, iye n'kudziwa pomwe ali. Vespasian anamwalira mu 79 ntchito isanathe. Titus ndiye anatsegulira mu 80 ndi masewero a masiku 100, pomwe wolemba mbiri Cassius Dio akuti nyama 9,000 zinaphedwa. Kawirikawiri m'mawa kunkakhala kusaka zilombo, zambiri zochokera kumpoto kwa Africa, masana kupha opalamula, madzulo kumenyana kwa amuna a malupanga. Sindikuona chifukwa chokometsera zimenezi. Luso lonse la makomo 80 ndi chinsalu cha amalinyero linali loti anthu aonere imfa atakhala pamthunzi.

Ine ndikati ndisankhe chomwe Aroma anamanga mondigometsa, ndimasankha ngalande za madzi. Yoyamba, Aqua Appia, inamangidwa mu 312 BC ndi Appius Claudius Caecus, yemwenso anayambitsa msewu wa Via Appia, ndipo pafupifupi yonse inkadutsa pansi pa nthaka kwa makilomita 16. Aqua Marcia, yomwe inayamba kumangidwa mu 144 BC, inkatenga madzi ozizira m'mapiri n'kuyenda nawo makilomita 91. Pomafika mu 226 AD ngalande zolowa mumzinda zinalipo 11. Pazithunzi timaona milatho yaitali ya mauta, koma gawo lalikulu la ngalandezi linali mumdima, pansi. Panalibe injini yopopa. Madzi ankangotsetsereka okha, ndiye ntchito yonse inali kuyeza kupendekeka kwa njira, kuti asaime komanso asathamange mpaka kukumba makoma. Ngalande ya ku Nîmes m'dziko la France, yomwe imadutsa pa mlatho wa Pont du Gard, imatsika mamita osakwana 13 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50. Anayeza zimenezi ndi zingwe, timitengo ndi matebulo okhala ndi kangalande ka madzi.

Munthu amene ndimamulemekeza pa nkhaniyi ndi Marcus Agrippa, mnzake wa Augustus kuyambira ubwana. Mu 33 BC, atakhala kale pa udindo waukulu koposa wa consul, wa atsogoleri awiri a chaka aja, anadzitsitsa n'kutenga udindo wotsika woyang'anira misewu ndi misika. Anakonza ngalande zakale, anamanga yatsopano, anachotsa zinyalala mu Cloaca Maxima, ngalande yaikulu ya zonyansa, ndipo anayendamo pabwato kuti aone ndi maso ake. Aqua Virgo yomwe anamaliza mu 19 BC mpaka lero imathira madzi ku kasupe wa Trevi. Anali ndi gulu lake la akapolo 240 osamalira madzi, lomwe atamwalira mu 12 BC linakhala la boma. Kaisara Claudius anadzaonjezera ena 460.

Mu 97 AD udindo woyang'anira madzi unapatsidwa kwa Frontinus, ndipo iye anachita chinthu chosowa: anakayeza yekha madzi olowa ndi otuluka, n'kulemba zomwe anapeza. Manambala sankagwirizana. Alimi ankaboola ngalande kumidzi n'kumathirira minda. Mumzinda, ogwira ntchito ya madzi omwewo ankaboola mapaipi a mtovu pansi pa misewu n'kumagulitsa madzi mwamseri, ndipo munthu akapatsidwa chilolezo chatsopano ankamuboolera pena, bowo lakale osalitseka. Kukoka paipi mpaka m'nyumba kunkafuna chilolezo cha Kaisara. Anthu ambiri ankatunga pa zitsime zomangidwa m'mphepete mwa misewu, zomwe Frontinus anaziwerenga kuti zilipo 591, ndipo madzi ake ankatuluka usana ndi usiku, osefukirawo n'kumatsuka ngalande za zonyansa. Pena m'zolemba zake amauza owerenga kuti ayerekeze ntchito zofunikazi ndi mapiramidi a ku Egypt ongokhala chabe. Kunali kudzitama, koma ndimamuvomereza.

Madzi ochuluka chonchi ndiwo anabala mabafa, omwe anali mtima wa moyo wa masana. Ntchito zambiri zinkatha dzuwa litangopendeka, anthu n'kumapita kukasamba. Polowa ankalipira quadrans, kandalama kochepetsetsa, ndipo nthawi zina wolamulira kapena wolemera ankalipirira onse. Munthu ankayamba ndi masewero olimbitsa thupi, kenako chipinda chofunda, chotentha, n'kumalizira m'madzi ozizira. Sopo sankagwiritsa ntchito. Ankadzola mafuta a azitona n'kupala thukuta ndi litsiro ndi kachitsulo kopindika. Pansi pa zipinda zotenthazo panali mpata woimikidwa pa timizati ta njerwa, momwe munkadutsa mpweya wamoto wochokera m'ng'anjo, n'kukwera m'mapaipi adothi a m'makoma. Seneca, amene anakhalapo pamwamba pa bafa lina, anadandaula m'kalata za phokoso lake: onyamula zitsulo akubuula, wosisita thupi akuwomba mapewa a munthu phwa phwa, wozula tsitsi la m'khwapa akuitanira malonda ndi mawu osongoka, ogulitsa masoseji ndi makeke aliyense ndi kaitanidwe kake.

Pamakambidwa kuti Kaisara Hadrian, amene ankasamba limodzi ndi anthu wamba, anaona msilikali wopuma ntchito akudzikhula msana pakhoma chifukwa analibe kapolo womupala. Anamupatsa akapolo ndi ndalama zowasamalira. Tsiku lina atabweranso anapeza nkhalamba zambiri zili pakhoma, zikudzikhula. Anangozilamula kuti zipalane zokhazokha. Mabafa a Kaisara Caracalla, amene anatsegulidwa mu 216, ankalandira osamba 1,600 nthawi imodzi, ndipo munali malaibulale, minda ndi ziboliboli. Pansi pake panali misewu yamdima yodutsa ngolo za nkhuni, ndi akapolo osonkhezera ng'anjo amene osamba pamwambapo sankawaona.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Dzuwa likalowa, munthu uja anasamba pakati pa zipilala za mabo ankabwerera ku insula, nyumba zosanjikizana za lendi momwe munkakhala ambiri mwa anthu pafupifupi miliyoni imodzi a mumzindawo. Pansi pankakhala masitolo, pamwamba pake mabanja opezako bwino, ndipo mukamakwera masitepe zipinda zimachepa, lendi imatsika, ngozi imakula. Kumwambako kunalibe madzi kapena chimbudzi. Ankaphika ndi kuwotha pa mbaula ya makala m'zipinda zamatabwa. Augustus analetsa kumanga kupitirira mamita pafupifupi 21, zomwe zikusonyeza kuti eni nyumba ankapitirira. Cicero, yemwe timamudziwa ndi zokamba zake za chilungamo, analembera mnzake kuti nyumba zake ziwiri za lendi zagwa, zina zang'aluka moti alendi ndi mbewa zomwe zasamuka, koma ali ndi nzeru yomangiranso kuti phindu lichuluke. Crassus anali ndi akapolo amisiri oposa 500, ndipo moto ukabuka ankagula nyumba zoyakazo ndi zoyandikana nazo pa mtengo wolira, eni ake ali ndi mantha. Gulu lozimitsa moto la boma linadzakhazikitsidwa mu 6 AD. Usiku tulo tinali tosowa, chifukwa ngolo zonyamula katundu zinkaletsedwa masana, ndiye zinkagudubuzika pa miyala ya m'misewu mpaka mbandakucha.

Apa ndi pomwe pangano lija limaonekera malire ake. Olamulira ankamanga malo amene anthu amasonkhana n'kuona dzina la womanga. Kogona ankakusiyira eni nyumba za lendi. Mwina n'chifukwa chake moyo wa Mroma wamba unali wa panja: m'kachipinda kake ankangopitamo kukagona, tsiku lonse ali kumsika, kubwalo la milandu, kubafa, pa khonde la kachisi.

Nkhani ya mayina pa makoma ili ndi zodabwitsa zake. Pamphumi pa Pantheon palembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti Marcus Agrippa ndiye anamanga. Koma kachisi wa Agrippa anapsa mu 80 AD, womangidwanso m'malo mwake anapsanso mu 110, ndipo amene tikumuona lero anamalizidwa nthawi ya Hadrian, cha m'ma 125. Zidindo za pa njerwa ndizo zinaulula. Hadrian anabwezeretsa dzina la womanga woyamba, lake osaliika. Kunali kudzichepetsa, inde, komanso kunali kuchenjera, poti kunkamulumikiza ndi nthawi ya Augustus. Denga lake lobulungira ndi lotakata mamita 43.3, kutalika kwake kuchokera pansi n'chimodzimodzi, ndipo mpaka lero palibe denga lina la konkire wopanda zitsulo mkati lolipambana kukula. Konkire wa Aroma anali laimu, miyala yoswa, ndi phulusa la mapiri ophulika ngati la ku Pozzuoli, lomwe limauma ngakhale m'madzi. Pa dengali anagwiritsa miyala yolemera m'munsi, momwe ndi lochindikala mamita pafupifupi 6, n'kumaika yopepuka akamakwera, mpaka pamwamba pomwe latsala mita imodzi ndi pang'ono, kuzungulira bowo lotseguka la mamita pafupifupi 9 lolowetsa kuwala ndi mvula yomwe. Zipilala 16 za pakhonde, chilichonse mwala umodzi wa mamita pafupifupi 12, zinasemedwa ku Egypt n'kuwoloka nyanja. Nyumbayi inapulumuka chifukwa mu 609 inasandulika tchalitchi.

Dzina lozokotedwa likhozanso kufafanizidwa. Septimius Severus, Kaisara wobadwira ku Leptis Magna m'dziko lomwe lero ndi Libya, anaimikiridwa chipata chachikumbutso mu Forum, bwalo la pakati pa mzinda, mu 203, chotchula iye ndi ana ake awiri, Caracalla ndi Geta. Bambowo atamwalira mu 211, Caracalla anaphetsa Geta ali m'manja mwa mayi awo, n'kulamula kuti dzina lake lichotsedwe paliponse. Pa chipatacho mzere umodzi unasemedwanso, koma timabowo ta zilembo zakale timaonekabe. Mabafa okongola aja anamangidwa ndi munthu ameneyu.

Ndiye tinene kuti anthu a Roma anangogulidwa? Wandakatulo Juvenal anawanyoza kuti anthu amene kale ankagawa maudindo ndi magulu ankhondo tsopano amangolakalaka zinthu ziwiri, buledi ndi mipikisano ya magaleta. Mawu amenewa amabwerezedwa kwambiri, koma ine ndimaona kuti akunena theka la nkhani. Buledi analipodi. Gaius Gracchus anayambitsa tirigu wotsika mtengo mu 123 BC, Clodius anamusandutsa waulere mu 58 BC, ndipo Augustus anasiya olandira ali pafupifupi 200,000, amuna okhaokha amene anali nzika, aliyense makilogalamu pafupifupi 33 pamwezi. Tirigu ameneyu sakanadyetsa banja lonse, ndipo ankachokera kutali, ku Egypt ndi kumpoto kwa Africa, pa zombo zodalira mphepo. Zombo zikachedwa, amene ankaona zakuda ndi Kaisara. Mu 51 AD mumzinda mutatsala chakudya cha masiku 15 okha, chikhamu chinazinga Claudius mu Forum n'kumugenda ndi zidutswa za buledi wouma, iye n'kuthawira kunyumba yachifumu podzera khomo lakumbuyo. Zitatero analonjeza eni zombo kuti boma lidzalipira zotayika ngati angayende ngakhale nyengo yozizira.

Theka linalo ndi lakuti mabwalo amene olamulira anamanga kuti asangalatse anthu ndiwo anasanduka malo okhawo pomwe anthuwo akanalankhula ndi wolamulira maso ndi maso. Circus Maximus inali yaitali mamita oposa 600, yonyamula anthu 150,000 kapena kuposerapo, ndipo inagona m'chigwa m'munsi mwa nyumba yachifumu ya pa Palatine. Magaleta a magulu anayi, obiriwira, abuluu, ofiira ndi oyera, ankazungulira ka 7. Kaisara ankayembekezeka kupezekapo, kuonerera mwachidwi, ndi kumva zomwe chikhamu chikufuula. Munthu mmodzi wotsutsa amagwidwa, koma mawu a anthu 150,000 ofuula pamodzi alibe mwini. Tiberius atasirira chiboliboli chomwe Agrippa anaika pakhomo pa mabafa ake n'kuchisamutsira kuchipinda chake chogona, anthu anafuula m'bwalo la zisudzo mpaka anachibweza. Kaisara Caligula atapemphedwa mu Circus kuti atsitse misonkho, anatumiza asilikali kukapha ofuulawo. Pasanapite nthawi, mu January 41, akuluakulu a asilikali omulondera anamubaya.

Chitsanzo chomveka koposa ndi cha Cleander. Anabwera ku Roma ngati kapolo wochokera ku Phrygia, n'kukwera mpaka kukhala woyang'anira chipinda cha Kaisara Commodus, ndipo galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Ankagulitsa maudindo poyera, moti m'chaka chimodzi anthu 25 anakhalapo pa udindo wa consul. Mu 190 tirigu anasowa, ndipo mkulu woyang'anira tirigu, Papirius Dionysius, anaonjezera dala vutolo kuti mlandu ugwere Cleander. Cassius Dio, amene anali phungu wa Senate nthawiyo, akuti mpikisano wachisanu ndi chiwiri uli pafupi kuyamba, gulu la ana linathamangira m'bwalo likutsogoleredwa ndi mtsikana wamtali wa nkhope yoopsa, likufuula dzina la Cleander. Chikhamu chinalandira mfuuwo, chinatuluka m'bwalo, n'kuyamba ulendo wopita kunyumba ya kunja kwa mzinda komwe Commodus anali. Cleander anatumiza asilikali, anavulaza ndi kupha ena, koma anthu sanabwerere. Commodus atauzidwa zomwe zikubwera anachita mantha, n'kulamula kuti mtumiki wakeyo aphedwe pamodzi ndi mwana wake. Mutu wa Cleander unayenda mumzinda uli pa mtengo.

Commodus mwiniwake anakhala zaka zina ziwiri, akumenyana yekha m'bwalo pamaso pa aphungu okakamizidwa kumuwombera m'manja. Pa 31 December 192 anamuthirira poizoni, ndipo atasanza, katswiri wogwetsana Narcissus anamupotokola khosi ali m'bafa. Wolowa m'malo mwake, Pertinax, sanathe miyezi itatu. Asilikali olondera Kaisara anamupha n'kuika mpandowo pamalonda m'kampu yawo, anthu awiri akupikisana mtengo, wina mkati wina kunja kwa khoma. Didius Julianus anapambana polonjeza msilikali aliyense masesitesi (ndalama za Aroma) 25,000. Aphungu a Senate, Dio mwiniyo ali momwemo, anapita kukamulonjera atabisa nkhope zawo zenizeni. Anthu wamba anamutukwana panjira, ndipo atawalonjeza ndalama anafuula kuti sakuzifuna. Kenako anathamangira ku Circus Maximus, tsiku lopanda mpikisano uliwonse, n'kukhalamo usiku wonse ndi tsiku lotsatira opanda chakudya kapena madzi, akuitana magulu ankhondo a kumalire kuti abwere kudzawalanditsa. Amene ankamutchula kwambiri anali Pescennius Niger wa ku Syria, koma amene anafika msanga ndi asilikali ake kuchokera ku mtsinje wa Danube anali Septimius Severus, ndipo Julianus anaphedwa m'nyumba yachifumu atalamulira masiku 66.